Mutu 7: Ngolo ya Mwana ndi Masitepe a ku Retamas

1. Pansi pa masitepe

Kuchokera pomwe ndimagulitsira matamale anga, chakudya cha ufa wa chimanga chophikira m'masamba, kukafika pamwamba pa phiri lathu la Retamas pali masitepe 312. Musanditsutse. Ndawakwera zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, maondo angawa ndiwo mboni. Ine ndine Herminia, ndipo aliyense wokwera kapena wotsika amadutsa pamphuno panga. Nkhani za phiri lino sindichita kuzisaka ayi, zimabwera zokha kudzagula chakudya cham'mawa.

Nélida ndinamudziwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, atangofika kumene ku Lima kuchokera kumapiri a ku Huancavelica, masaya ali psuu ndi mphepo ya kwawo. Anapeza ntchito yolera mwana kwa anthu olemera ku Miraflores. Zaka zinayi zathunthu ankakankha mwana wa eni ake m'ngolo yonyezimira, kuzungulira nayo m'mapaki a m'mbali mwa nyanja.

Akatsika basi madzulo ankaima pa ine n'kunena kuti, "Doña Herminia, wanga akadzabadwa adzayenda m'ngolo ngati imene ija. Muona."

"Tidzaona, mwanawe," ndinkatero. "Ugula angati?"

Chaka chatha anakwatiwa ndi Edilberto, mnyamata wofatsa wogwira ntchito kumsika wa nsomba. Amachoka kusanache, amabwera dzuwa litapendeka, ngakhale Lamlungu amakagwira mpaka masana. Kanyumba kawo kali pa sitepe ya 290. Pa nthawi ya nkhani ino Nélida anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo anali atasiya ntchito.

Mwana woyamba amaopsa. Nélida anaimbira foni mayi ake, Doña Eusebia, akulira kuti, "Amayi, bwerani. Mwamuna wanga amakhala kulibe tsiku lonse. Zikadzandiyamba ndili ndekha pamwamba pano nditani?" Doña Eusebia anasiyira mlamu wawo nkhosa, nakwera basi tsiku lonse kudzadikira mdzukulu.

Tsono kwathu kuno mayi akatsala ndi mwezi umodzi kuti achire, amalemba mndandanda wa zinthu za mwana n'kukauwerenga kukhitchini ya tonse, pa sitepe ya 150, komwe amayi a phiri lino timaphikira pamodzi chakudya chamasana. Aliyense amasankhapo kake koti adzabweretse ku phwando. Koma chinthu cholembedwa pa nambala wani timasonkherana tonse. N'chimodzi chokha, ndipo pepala likakhomedwa pachitseko silisinthidwanso.

2. Mndandanda wa pepala lofiirira

Linali Lachinayi, tikusenda mbatata. Nélida analowa ndi mnzake Yadira, mtsikana wa milomo yopaka amene amagulitsa m'sitolo yaikulu ya zinthu za ana mumzinda. Doña Eusebia analowa pambuyo pawo ndi kamtolo m'manja, nakhala pakona, natenga mpeni n'kuyamba kusenda nawo osauzidwa.

"Werenga timve," anatero Doña Zoila, amene amatsogolera khitchini yathu.

Nélida anatambasula pepala lofiirira lonunkhira perefyumu.

"Nambala wani, ngolo ya mwana ya matayala atatu, yokhala ndi ambulera ndi poika kapu."

"Kapu ya ndani?" ndinafunsa ine. "Mwanayo abadwa akumwa khofi?"

Amayi anaseka. Yadira anandiyang'ana chammbali, Nélida napitiriza. Panali choyendera cha matayala chophunzitsira mwana kuyenda, mapilo anayi a timaluwa, nsapato mapeyala atatu, makina otenthetsera botolo, bafa lalikulu looneka ngati bakha, ndi tizovala makumi awiri ta khanda longobadwa kumene. Koma abale, ndinamva ngati akutiwerengera sitolo yonse ya Yadira.

"Nanga azigona pati?" anafunsa Doña Zoila.

"Pakati pathu. Masana m'ngolo momwemo."

Apa ndi pamene Doña Eusebia anapukuta manja, namasula kamtolo kawo kaja. Anatulutsamo mbereko yatsopano yaubweya, yolukidwa pamanja, ya mizere yofiira, yobiriwira ndi yachikasu. M'mphepete mwake munali timbalame ting'onoting'ono tolondolana. Ine ndaona nsalu zambiri, koma ija inandichititsa kusiya mpeni.

"Ndinayamba tsiku lomwe unandiuza kuti uli ndi pakati," anatero motsitsa mawu. "Ubweyawu ndi wa nkhosa yako ija yakuda mphuno."

Yadira anatseka pakamwa ndi dzanja, koma kuseka kunatulukabe. "Mnzanga, imeneyo ilembe pa nambala wani. Upite nayo ku Miraflores, alendo azikakujambula zithunzi."

Nélida anagwidwa manyazi. Ndinaona makutu ake akufiira, ndipo manyazi oterewa amayankhulitsa zoipa.

"Amayi, kuno ndi ku Lima," anatero mokweza. "Mwana wanga si thumba la mbatata kuti azimangidwa kumsana. Sungani, muzikanyamulira mbatata zanu kumudzi."

Doña Eusebia anapinda mbereko ija kanayi, mosamala, naibwezera m'kamtolo, natenganso mpeni wawo. Ine mtima unandiwawa, ndipo ndikanakhala mayi wake ndikanamukoka khutu pomwepo, pakati kapena popanda pakati.

Lachisanu m'mawa Doña Eusebia anatsika okha n'kudzandifunsa minibasi yopita kudepoti. Masana anabwera ndi tikiti, nandipempha kuti ndiwawerengere, poti iwo sadziwa kuwerenga. Inali ya Lamlungu, 2 koloko masana.

"Mayi, mukumusiya mwanayu atatsala pang'ono?" ndinafunsa.

"Ndamvetsera mndandanda wonse," anayankha. "Sindinamvemo chimene ine ndingathandize."

3. Mawu a Doña Zoila

Loweruka Nélida anabwera kukhitchini ndi pepala lake kuti likhomedwe. Doña Zoila anali akusefa mphodza. Mayi ameneyu kale ankathandiza anamwino kuyendera makanda m'makomo, ndipo akayamba kuyankhula ngakhale mphika umadikira.

"Khala pansi, mwana iwe. Ndiyankhule kaye, ukatero uchite zofuna zako.

"Ine ndaona makanda a phiri lino oposa makumi asanu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene analirira nsapato. Khanda silifuna zambiri. Limafuna pogona pabwino, kufunda, ukhondo ndi bere la mayi ake. Ukamalemba chinthu uzidzifunsa: kodi achifuna mwezi woyamba, kapena ndine ndikuchifuna kuti anthu aone?

"Mapilo akowo ndi okongola, sindikukana. Koma khanda likakwirira mphuno m'pilo silitha kudzitembenuza, ndipo silikuwa kuti ulimve. Ligone chagada, pa matiresi olimba, m'kabedi kakekake pambali pa bedi lanu. Musaikemo pilo, musaikemo chidole. Ukuti azigona pakati panu? Edilberto amabwera atatopa ngati bulu. Akagona sadziwa kuti mkono wagwera pati.

"Choyendera cha matayalacho ndiye usanditchulire n'komwe. Unamuona mdzukulu wanga Jhonatan, chipsera chili pamphumi chija? Ndinamugulira ndine choyenderacho, ndi manja angawa. Chitseko chinatseguka kamphindi kochepa, mayi ake akutaya madzi. Anatsika masitepe khumi ndi anayi ali momwemo. Mulungu anatichitira chifundo, koma mpaka lero ndikamva matayala akulira pasimenti mtima umandidumpha. Mwana amaphunzira kuyenda pamphasa, akugwira mwendo wa tebulo.

"Bafa la bakhalo ulidzaza ndi madzi ati? Galimoto ya madzi imabwera kawiri pa mlungu, ndipo sikwera masitepe. Lemba beseni laling'ono. Lemba ndowa ya chivindikiro yoviikamo matewera. Tizovala ta khanda longobadwa kumene timathina pakatha milungu itatu, ndiye lemba tisanu, tina tonse tikhale tokulirapo. Tizipewa taubweya waiwala, chonsecho ukuchira mu Julaye, nkhungu ikulowa mpaka m'mafupa. Choyezera kutentha kwa thupi waiwalanso, ndipo n'chimene chidzakuuze tsiku loti uthamangire kuchipatala."

Nélida anali atazolika, akupinda ngodya ya pepala lake.

"Zinazo ndichotsa," anatero. "Koma ngolo yokha ayi. Zaka zinayi ndakankha ya eni ake, Doña Zoila. Ndinkaipukuta matayala tsiku lililonse. Kodi mwana wanga ndi wotsika kuti iye asakweremo?"

Apa ndinamumvera chisoni, chifukwa sanali kunena zamwano. Doña Zoila nawo anafewetsa mawu.

"Mwana wako si wotsika, ndipo ngolo si chinthu choipa. Ku Miraflores misewu ndi yosalala, nyumba zili ndi zikepe zokwezera anthu. Kumeneko ngolo ndi yanzeru. Koma iwe walembera mwana wa nyumba ija, osati wa nyumba yako. Ndipo tamvera, chinthu chimene udzachifune kuposa zonse si cha m'sitolo. Ndi munthu woti akugwirire mwana ukamasamba, akuphikire msuzi, akuuze kuti kulira uku ndi njala, uku ndi m'mimba. Munthu ameneyo akukwera basi mawa."

"Akungondiopseza," anatero Nélida. "Sangapite. Kunyumba sitikuyankhulana, basi."

"Tikiti ndaiwerenga ndine," ndinamuuza.

Koma Nélida pepala sanalibweze. Mwana ameneyu ndi wouma mutu, anatengera mayi ake omwewo.

"Chabwino," anatero Doña Zoila. "Ukudziwa lamulo la masitepe. Chinthu cha nambala wani chisanakhomedwe, chiyesedwe kaye kuchokera pansi mpaka pakhomo pa mwini wake, munthu mmodzi yekha atachinyamula. Iwe ndi mimba yakoyo sungayese. Uza mnzako wa milomo yofiira uja abwere mawa m'mawa. Chikafika, tigula."

"Nanga ngolo yoyesera tiitenga kuti?"

"Imeneyo musade nayo nkhawa," ndinatero ine.

4. Mwana wa mpunga

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, amayi a kukhitchini anasonkhana pansi pa masitepe. Ndinatsitsa mphika wa matamale, ndinachotsa thabwa ndi nsalu yophimba, ndipo Nélida anatong'ola maso.

"Doña Herminia! Imeneyi ndi ngolo ya mwana!"

"Nanga umayesa n'chiyani? Zaka zinayi wakhala ukugula pamenepa osaona? Malemu mwamuna wanga anandigulira nditachira mwana woyamba, chifukwa ndinalira ngati iwe. Mwanayo anakweramo katatu. Matamale ndiwo asangalalamo zaka zonsezi."

Doña Zoila anabwera ndi thumba la mpunga la makilogalamu asanu la kukhitchini. Tinaligoneka m'ngolo, tinalimanga bwinobwino ndi lamba, wina n'kuliveka kachipewa koluka. Yadira anafika atavala nsapato zamasewera, akutafuna chingamu.

"Izi n'zosavuta," anatero. "Kusitolo ndimaonetsa makasitomala tsiku lililonse."

Anayamba kukoka chobwerera m'mbuyo, sitepe imodzi imodzi, ngolo ikuti gu, gu, gu. Ife tinkatsatira chapambali, Nélida atagwira chitsulo cha m'mphepete. Pa sitepe ya makumi awiri Yadira anali akusekabe. Pa ya makumi anayi analavula chingamu.

"Mwanayo mutu ukugwedezekatu," anakuwa mayi wina. "Akafika pamwamba akhala phala!"

Yadira anasiya kukoka, naikumbatira ngolo yonse pamimba. Tsono sankaonanso poponda. Bambo wina ankatsika ndi botolo la gasi paphewa, ndipo anachita kupanikizana kuti adutsane. Thukuta linasungunula zopaka kumaso. Anatula, anapuma, ananyamulanso.

Pa sitepe ya 83 pamadutsa paipi ya madzi. Aliyense wa phiri lino amaidziwa, mwendo umadzikweza wokha. Yadira amakhala kumunsi, sankaidziwa. Anapunthwa, anaponya dzanja kuti agwire chitsulo, ndipo ngolo inamupulumuka.

Inagubuduka ikudzimenya m'masitepe, inatidutsa ife titakanirira kukhoma, n'kukatera chadodolido pamalo opumira, masitepe khumi ndi awiri kumunsi. Thumba linaphulika. Mpunga unamwazika ponseponse, kachipewa kaja n'kupitirira kokha kutsika.

"Mayo, ngolo yanga!" ndinakuwa ine, kenako ndinachita manyazi, chifukwa panalibe wina amene ankaganiza za ngolo.

Palibe anaseka. Nélida anatsika pang'onopang'ono kukafika pamene panali thumba lija, manja onse awiri atagwira mimba. Lamba anali womangabe bwinobwino.

Yadira anakhala pansi n'kuyamba kulira. "Mnzanga, pepa. Kusitolo pansi ndi posalala."

Doña Zoila anangotola kachipewa kaja, nakakung'untha fumbi.

5. Chimene chinalembedwa kuseri kwa tikiti

Tili chiimire choncho, tinamva mapazi akutsika. Anali Doña Eusebia, atavala chipewa chawo cha ulendo, katundu yense ali kumsana m'nsalu yakale yofwifwa. Manja onse awiri anali opanda kanthu. Paipi ija anaidumpha osayang'ana n'komwe.

Atafika pa mpunga anaima. Sanayang'ane mwana wawo. Ananjuta, katundu ali kumsana osasuntha, nayamba kuwola mpunga ndi manja kuthira m'thumba long'ambika lija.

"Chakudya sachiponda," anatero, osauza munthu.

Nthawi inali itadutsa 11 koloko, ndipo kudepoti ndi kutali. Akangomaliza kuwola, atsika. Tonse tinkadziwa zimenezo. Amayi a kukhitchini anali pomwepo, Yadira anali pomwepo, ngakhale pamazenera panali mitu ya anthu.

Nélida anagwira chitsulo, nagwada movutikira pambali pa mayi ake, nayamba kuwola nawo. Kenako anayankhula m'chiyankhulo cha kwawo kumapiri, chimene kwa zaka zinayi sindinamumvepo akuchiyankhula pagulu.

"Amayi, ndinalakwa. Ndinakunyozani pamaso pa anthu, ndiye ndikupepesa pamaso pa anthu omwewo. Musapite. Ndikuopa, amayi. Ndiphunzitseni kumanga mbereko."

Doña Eusebia anapitiriza kuwola kwa kanthawi, mpaka ine ndinayamba kupemphera chamumtima. Kenako anakhala pa sitepe, nayankhula.

"Nsalu ili kumsana kwangayi ukuiona? Ukunena zoona, yanyamula mbatata zambiri. Koma isananyamule mbatata inanyamula iwe. Uli ndi miyezi isanu chifuwa chinakugwira, ukupuma ngati kamwana ka mphaka. Mvula inali itagumula phiri, msewu watsekeka, galimoto kulibe. Bambo ako anali kumigodi. Ndinakumanga m'nsalu imeneyi n'kuyenda tsiku lonse kudutsa m'matope mpaka kuchipatala. Ndinagwa kawiri. Iwe sunagwe, chifukwa ndikagwa ndinkagwira pansi ndi manja, ndipo manjawo anali opanda kanthu.

"Ine sindidana ndi za mumzinda. Foni unandigulira ija ndimaikonda. Ukadzakhala kumalo osalala, udzagule ngolo, ndidzakankha nawo. Koma usamachite manyazi ndi chimene chinakusunga moyo chifukwa choti mnzako waseka. Anthu oseka sadzakhalapo tsiku limene mwana adzatenthe thupi, iwe uli pa sitepe ya 290."

Yadira anagwetsa nkhope. Nélida ankangolira, mpunga uli m'manja.

"Basi, pukuta mamina," anatero mayi ake. Anatula katundu, namasula, natulutsa mbereko yatsopano ija. "Mbatata yako ili kuti, tiyesere?"

Apa ndiye tinaseka tonse, mpaka Doña Zoila anatsokomola. Tinamanga kukamwa kwa thumba ndi mpunga wotsalawo, tinaliveka kachipewa kake, ndipo phunziro linayambira pa masitepe pomwepo.

"Miyezi yoyamba si kumsana ayi," anatero Doña Eusebia. "Khosi likadali lofewa. Umuike kutsogolo, pachifuwa, pamwamba poti ukaweramitsa mutu umupsompsone. Nkhope izioneka nthawi zonse, nsalu isaphimbe mphuno, chibwano chisagwere pachifuwa chake. Lero mimba yatenga malo, ndiye tiyesera kumsana. Werama pang'ono. Kokera ngodya iyi paphewa. Mfundo imodzi siyokwana, manga iwiri. Ayi, osati ngati ukumanga mbuzi!"

Anamasula katatu. Kachinayi anakoka mfundo, nagwedeza mutu kuvomera. Nélida anaimirira, natambasula manja ake n'kumawayang'ana ngati ndi achilendo.

Anakwera pang'onopang'ono, akupuma pamalo opumira aliwonse, mayi ake ali pambuyo. Paipi ya pa 83 anaidutsa bwinobwino. Yadira, kunena zoona, anachita zaulemu. Anasenza katundu wa Doña Eusebia osauzidwa, ndipo anandithandiza kuwongola tayala la ngolo yanga.

Titafika kukhitchini, Nélida anatulutsa pepala lofiirira lija, naliyang'ana, naliponya m'mbaula.

"Ndani ali ndi pepala lina?" anafunsa.

Panalibe. Doña Eusebia anapisa m'chipewa, natulutsa tikiti ya basi, naitembenuza, naiika patebulo.

"Ndi kakang'ono," anatero Doña Zoila, "ndiye ulembe zofunika zokha."

Nélida analemba ndi tizilembo tating'ono, kenako anawerenga mokweza. Nambala wani, kabedi ka mwana ndi matiresi olimba. Kenako matewera, ndowa ya chivindikiro, beseni laling'ono, sopo wosanunkhira, tizipewa taubweya, mabulangete awiri opepuka, tizovala tokulirapo, choyezera kutentha kwa thupi. Yadira anati choyezeracho abweretsa ndi iye, ndipo akudziwa chabwino chake. Ine ndinatenga ndowa.

Doña Zoila anatenga msomali kuti akhome, koma anaima n'kuyandikitsa katikiti kumaso.

"Nanga ichi walemba pamwamba pa nambala wani n'chiyani? Chimenechi sitisonkheranatu."

"Chilipo kale," anatero Nélida.

"Palembedwa chiyani?" anafunsa Doña Eusebia.

Nélida anawagwira dzanja, naika chala chawo pa mawuwo. "Palembedwa kuti Amayi."

Doña Eusebia anavula chipewa cha ulendo, nachiika pabenchi, nafunsa kuti mipeni timasunga pati. Anasenda anyezi ambiri kuposa amene tinkafuna tsiku limenelo, ndipo palibe anawafunsa chifukwa chake maso anali onyowa. Pamene 2 koloko inkakwana, anali akugawa msuzi.

6. Bokosi

Tinali tikutsuka mbale pamene tinamva munthu akuwefuka pakhomo. Anali Edilberto, akununkha nsomba, bokosi lalikulu ngati chitseko lili kumsana. Analitula pansi n'kudzigwetsa pabenchi.

"Madzi," anatero. "Masitepe amenewa andipha lero."

Pabokosipo panali chithunzi cha ngolo ya matayala atatu, ya ambulera, ndi poika kapu pomwe.

"Edilberto, watani?" anafunsa Nélida.

"Si ine ayi. Dalaivala wa abwana ako akale a ku Miraflores wandipeza kumsika. Akuti ndi mphatso ya mwana. Wandipatsanso iyi, akuti uyankhe pofika Lachitatu."

Anatulutsa envelopu yoyera m'thumba la malaya. Nélida anaing'amba, nawerenga, mbereko ikadali paphewa. Anawerenganso kachiwiri. Kenako anayang'ana bokosi, nayang'ana mayi ake.

"Akufuna ndibwerere kuntchito mwana akakwana mwezi umodzi, ndizigona konko, malipiro awonjezera," anatero. "Doña Zoila, kodi mwana wa mwezi umodzi angasiyidwe kuyambira Lolemba mpaka Loweruka?"

Doña Zoila anatula mbale imene ankapukuta, nakokera benchi pafupi.